Nyumba imene idzagulike mawa: mafunso ndi mayankho kwa amene akufuna kugula

Ambiri akamagula nyumba amati tafika, tidzakalambira pompano. Koma ntchito imasamutsa munthu, ana amakula n'kuchoka, matenda amafuna ndalama, mabanja amatha. Ngakhale amene wakhalamo mpaka tsiku lomaliza amasiyira ana ake katundu woti adzagulitse kapena kugawana. Choncho tsiku logulitsa limafika ndithu, kaya kwa inu kaya kwa amene mudzawasiyire. Mayankho ali m'munsiwa onse atsamira pa mfundo imodzi: mtengo umene mudzagulitsire nyumba udzadalira kuchuluka kwa anthu amene adzaifune, komanso amene adzakhale ndi njira yoilipirira.

Ndikugula nyumba yokhalamo ineyo. Ndivutikirenji ndi munthu amene adzaigule zaka khumi zikubwerazo?

Chifukwa munthu ameneyo ndiye adzatchule mtengo wa chuma chanu chachikulu. Sindikunena kuti mugule nyumba imene simukuikonda. Mukhalamo ndinu, ndipo kukhala zaka zambiri pamalo posakukomerani n'kutaya kwakukulu kuposa ndalama. Chimene ndikupempha n'chakuti mukalowa m'nyumba yoti mugule, muiyang'ane kawiri. Koyamba ndi maso anu. Kachiwiri ndi maso a mlendo amene sakudziwa kuti mayi anu amakhala pafupi, kapena kuti inu phokoso la msewu silikusowetsani tulo. Zimene zikusangalatsa inu nokha muzilipirire pang'ono. Zimene zingasangalatse anthu ambiri ndiye zoyenera kulipirira zambiri.

Kodi chimene chimakwera mtengo n'chiyani, nyumbayo kapena malo ake?

Nthawi zambiri ndi malo. Nyumba ndi chinthu chokalamba. Denga limachita dzimbiri, mapaipi amatha, mawaya a magetsi amafuna kusintha, khitchini imene inali yamakono lero imaoneka yachikale pakapita zaka 15. Mukapanda kuikamo ndalama chaka ndi chaka, nyumba imatsika mtengo ngati galimoto, kungoti pang'onopang'ono. Malo sakalamba, ndipo palibe amene angapange ena pamene pali anuwo. Mzinda ukamakula, anthu ofuna kukhala pafupi ndi ntchito amachuluka pamene malo apafupiwo ali omwewo, ndiye mtengo umakwera.

Ku Japan nkhani imeneyi imaonekera poyera. Malamulo a msonkho kumeneko amawerengera kuti nyumba yamatabwa imatha mtengo pa zaka 22, ndipo ogula ambiri amalipira malo okha, nyumba yakaleyo n'kuigwetsa. M'mayiko ena anthu amalemekeza nyumba zakale kuposa pamenepo, komabe masamu ake ndi amodzimodzi. Mukamauzidwa mtengo, yesani kuugawa pawiri: malo opanda kanthu a kukula kumeneku m'dera lino angagulidwe zingati, nanga kumanga nyumba yotere lero kungadye zingati? Ngati gawo lalikulu la mtengo lili pa malo, mukugula chinthu chokhalitsa. Ngati lili pa matailosi onyezimira, magetsi okongoletsa ndi zitseko zodula, pamene malowo ndi otchipa, mukugula zinthu zimene zayamba kale kukalamba.

Aliyense amangoti "gulani pamalo pabwino". Malo abwino ndi otani kwenikweni?

Poyamba yang'anani mzinda kapena tauni yonse, kenako dera, pomaliza msewu ndi poloti yeniyeniyo.

Pa mzinda wonse funso ndi lakuti: anthu akubwera kapena akuchoka, ndipo amadya chiyani? Kumene ntchito zili zamitundumitundu, boma, masukulu aukachenjede, zipatala, malonda, mafakitale, kampani imodzi ikatseka ena amatsala. Kumene aliyense amadalira mgodi umodzi kapena fakitale imodzi, tsiku limene yatseka aliyense amafuna kugulitsa nthawi imodzi, wogula n'kusowa. Detroit ku America inali ndi anthu pafupifupi 1.85 miliyoni mu 1950, nthawi imene mafakitale a galimoto ankalemba anthu ambirimbiri. Pofika 2020 anatsala osakwana 640,000, ndipo mzindawo unali utalengeza kale mu 2013 kuti walephera kubweza ngongole zake. Nyumba zambiri kumeneko zinali zolimba ndi zokongola, koma zinasowa wozifuna. Ku Japan nako kalembera wa 2023 anapeza nyumba pafupifupi 9 miliyoni zopanda anthu, ndipo vutoli ndi lalikulu makamaka kumadera kumene achinyamata anachoka.

Pa dera, werengani nthawi osati makilomita. Kuchoka pakhomo kukafika kumene anthu ambiri amagwira ntchito kumatenga mphindi zingati m'mawa wa tsiku la ntchito? Munthu wopanda galimoto angafike? Sukulu yabwino ili pafupi? Ngakhale mulibe ana, wogula wanu akhoza kudzakhala nawo, ndipo makolo salola kunyengerera pa nkhani ya sukulu. Onaninso chipatala, msika, madzi ndi magetsi ngati n'zodalirika, ndi chitetezo.

Pa msewu weniweniwo, musadalire ulendo umodzi umene ejenti wakukonzerani masana dzuwa likuwala. Bwererani usiku. Bwererani Loweruka madzulo, mumve ngati pali malo achisangalalo oyandikira. Bwererani mvula itagwa, muone kumene madzi amathamangira. Imani pang'ono mucheze ndi oyandikana nawo. Anthu amene akhala pamalo zaka zambiri amanena zinthu zimene wogulitsa sanganene, ndipo safunsa anadya phula. Yang'anani nyumba zinazo ngati eni ake akuzisamala. Mpanda wopentedwa, denga latsopano, mitengo yodulidwa bwino, zonsezi zikutanthauza kuti anthu akuikabe ndalama zawo m'deralo. Zikwangwani zambiri zoti nyumba ikugulitsidwa, zimene zakhala miyezi mpaka kufwifwa, zikunena zina.

Ejenti akuti msewu watsopano ukubwera, ndipo mitengo idzakwera kawiri. Ndimukhulupirire?

Msewu wabwino kapena siteshoni ya sitima zimakwezadi mitengo, pakuti zimafupikitsa ulendo wopita kuntchito. Vuto lili pa nthawi. Njanji ya Elizabeth line ku London inayamba kumangidwa mu 2009, inkayembekezeka kutsegulidwa mu 2018, koma inatsegulidwa mu 2022. Imeneyo ndi ntchito imene inali ndi ndalama zake kale, mumzinda wolemera. Zambiri zolonjezedwa sizifika n'pomwe poyambira.

Ndiye funsani: ndalama za ntchitoyo zinaperekedwa? Kontilakitala ali pamalo? Pulani yovomerezeka mungakaione ku khonsolo? Ngati zonse zili pakamwa chabe, lipirani mtengo wa dera mmene lilili lero. Msewuwo ukadzabwera idzakhala mphatso yanu. Ndipo mukapita kukaona pulaniyo, onetsetsani kuti msewu sukudutsa pakhonde panu. Kukhala mphindi zisanu kuchokera pamsewu waukulu kumakweza mtengo; kukhala m'mphepete mwake penipeni, ndi fumbi ndi phokoso la malole usiku wonse, kumautsitsa.

Chabwino n'chiti: nyumba yapamwamba kuposa zonse m'dera wamba, kapena nyumba wamba m'dera labwino?

Nyumba wamba m'dera labwino. Msewu uliwonse uli ndi mtengo umene ogula sapitirira, ngakhale nyumbayo ikongole bwanji, chifukwa munthu amene ali ndi ndalama zochuluka chotero amangopita kudera lapamwamba. Nyumba yaikulu pakati pa zing'onozing'ono imakokeredwa pansi ndi anzake. Yaing'ono pakati pa zabwino imakokeredwa m'mwamba. Nyumba mungaikonze pang'onopang'ono mmene thumba likulolera. Dera simungalikonze nokha.

Mapepala ndi ofunika motani? Wogulitsa ndi munthu wodziwika, ndipo aliyense akudziwa kuti nyumbayi ndi yake.

Apa ndiye ndikufuna mudekhe kwambiri, chifukwa anthu ambiri amene ndawamvera chisoni pa nkhani za nyumba anagwera pomwepa. Inu mukhoza kumukhulupirira wogulitsayo. Koma amene adzagule kwa inu sadzakhala akumudziwa, ndipo banki imene idzamubwereke ndalama siyang'ana mbiri ya munthu, imayang'ana chikalata. Nyumba yopanda mapepala olongosoka ingagulidwe ndi okhawo amene ali ndi ndalama zonse m'manja. Anthu otere ndi ochepa, amadziwa kuti ndi ochepa, ndipo amatsitsa mtengo mopanda chisoni.

Malamulo a malo amasiyana dziko ndi dziko, koma mafunso ake ndi omwewa kulikonse. Dzina limene lili pa chikalata cha umwini ndi la amene akugulitsayo? Kaundula wa boma akugwirizana ndi chikalata chimene mwaonetsedwa? Musakhutire ndi fotokope. Loya wanu akafufuze yekha ku ofesi yosunga kaundula wa malo. Nyumbayo sinaperekedwe chikole pa ngongole ina? Palibe msonkho wa malo, bilu ya madzi kapena ya magetsi imene yatsalira? Ngati mwini wake anamwalira, amene akugulitsa ali ndi chilolezo cha khoti chogulitsira chuma cha masiye, ndipo olowa m'malo onse avomereza? Ngati ndi ya banja, mkazi kapena mwamuna wa wogulitsayo wasayina kumene lamulo likufuna kutero? Mlandu wa malo umatha zaka, ndipo nyumba imene ili kukhoti palibe amaigula.

Kenako malire. Itanani saveya ayeze, aone ngati mpanda uli pamene mapu akunena. Si zachilendo kupeza kuti galaja kapena chimbudzi chakunja chinalowa mita imodzi m'poloti ya woyandikana naye, kapena kuti njira yolowera kunyumba imadutsa pamalo a munthu wina popanda pangano lolembedwa. Lero akukulolani kudutsa chifukwa ndi munthu wabwino. Akadzagulitsa, wobwerayo akhoza kumanga mpanda.

Chomaliza ndi pulani. Chipinda chilichonse chimene chinawonjezeredwa chikhale chovomerezedwa ndi khonsolo. Chomangidwa popanda chilolezo, woyesa mtengo wa banki akhoza osachiwerengera n'komwe, ndipo akuluakulu a mzinda ali ndi mphamvu yolamula kuti chigwetsedwe.

Loya akhale wanu, wolipidwa ndi inu, osati amene wakupezerani wogulitsa.

Malo ake ndi a liizi. Kodi zimenezi zikhudza mtengo?

Zimakhudza, pakuti liizi ndi pangano lobwereka malo kwa zaka zoikika, ndipo chofunika ndi zaka zimene zatsala. Liizi ya zaka 99 imene inayamba kalekale ingakhale itatsala ndi zaka 40 zokha. Inu mukakhalamo zaka 15, wogula wanu adzapeza 25, ndipo mabanki ambiri safuna kubwereketsa ndalama pa liizi yaifupi chotero. Ku England, kwa zaka zambiri, liizi ikatsala ndi zaka zosakwana 80 mtengo woiwonjezera unkalumpha kwambiri, moti ogula ankathawa mafulati otere. Funsani musanagule: liizi ingawonjezedwe, ndani amavomereza, pamafunika zingati, ndipo lendi ya malo imene mumalipira chaka ndi chaka ingakwezedwe motani? Werenganinso zoletsa zimene zili m'liiziyo. Zina zimaletsa kuchita bizinesi, kuika alendi kapena kumanga nyumba yachiwiri.

Nyumba ili pafupi ndi mtsinje koma ndi yotchipa kwambiri. Nditenge?

Kutchipako kuli ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho mudzachipeza chikukudikirani tsiku logulitsa. Nyumba ya m'dambo, m'mphepete mwa mtsinje, pansi pa phiri logumuka kapena m'mbali mwa nyanja imene ikudya gombe, imatha kukhala bwinobwino zaka khumi, n'kuonongeka usiku umodzi. Madzi akangolowa kamodzi, dera lonse limadziwa, ndipo mbiriyo siichoka.

Pali njira yosavuta yoyesera: musanasayine, funsani kampani ya inshulansi kuti ingakulipiritseni zingati pa nyumba imeneyo. Iwo ntchito yawo ndi kuwerengera ngozi. Akakana kapena akatchula mtengo woopsa, mwamva zoona zake. Izi sizongoganizira. Mu 2023 kampani yaikulu ya State Farm inasiya kulandira makasitomala atsopano a inshulansi ya nyumba m'chigawo cha California ku America, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene inatchula chinali ngozi ya moto wolusa. Kumene inshulansi yavuta, ngongole ya banki imavutanso, pakuti mabanki ambiri safuna kubwereketsa ndalama pa nyumba yopanda inshulansi. Apo ndiye kuti ogula anu achepa kale.

Pamalopo yang'anani mzere wa matope m'munsi mwa makoma ndi pampanda, penti yatsopano imene yapakidwa m'munsi mokha, ndi ngalande ngati zilipo ndipo zikugwira ntchito. Poloti yokwera pang'ono kuposa msewu ndi yabwino kuposa yotsika.

Pa nyumba yeniyeniyo ndiyang'ane chiyani?

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Penti ndi yotchipa, ndipo wogulitsa aliyense wanzeru amapenta. Zimene zimadya ndalama zambiri ndi zosaoneka msanga: maziko, makoma, denga, chinyezi, mawaya ndi mapaipi.

Ming'alu si yofanana. Ting'onoting'ono ta pulasitala, tokhala ngati tsitsi, timapezeka pafupifupi m'nyumba iliyonse. Yoopsa ndi yotakasuka, yoyenda mopingasa kuchokera pakona ya windo kapena chitseko, yotsata mizere ya njerwa ngati masitepe, kapena yooneka mbali zonse ziwiri za khoma. Imeneyo imasonyeza kuti maziko akuyenda. Zitseko zimene zikukana kutsekeka ndi pansi popendekeka zimanena chimodzimodzi. Dothi lamakande limafufuma likanyowa n'kunyala likauma, ndipo nyumba yomangidwa pamenepo ndi maziko osazama imang'ambika chaka ndi chaka, ngakhale muimate kangati.

Chinyezi mumachimva ndi mphuno musanachione. Tsegulani makabati, suzumirani kuseri kwa mipando, yang'anani madontho pasiling'i. Kwerani m'denga kapena tumani wina akwere, aone mitengo ya denga ngati siinadyedwe ndi chiswe kapena kuwola. Tsegulani mipopi yonse muone mphamvu ya madzi, gujumulani chimbudzi, funsani kumene zonyansa zimapita ndipo ngati ndi thanki, inapopedwa liti. Nyumba zakale zili ndi zakezake: denga kapena siling'i ya asibesitosi, imene fumbi lake limayambitsa matenda oopsa a m'mapapo ndipo ku Britain analetseratu mu 1999, komanso penti yokhala ndi mtovu, imene ku America anailetsa m'nyumba mu 1978. Kuchotsa zimenezi kumafuna akatswiri.

Zonsezi mungaziyang'ane nokha poyamba, koma musanalipire lembani injiniya kapena katswiri woyendera nyumba kuti alembe lipoti. Ndalama yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa nyumba, ndipo lipotilo limakupatsani poyambira pokambirana mtengo. Wogulitsa akakana kuti katswiri alowe, ine ndingachoke osacheuka.

Zipinda zingati, ndipo kamangidwe kotani kamagulika msanga?

Kamene kangakwanire mabanja ambiri a m'deralo. M'madera a mabanja, nyumba ya zipinda zogona zitatu imakhala ndi ogula ambiri kuposa ya chimodzi kapena ya zisanu ndi ziwiri. Pafupi ndi yunivesite kapena pakati pa mzinda, zing'onozing'ono ndiye zimayenda. Bafa ndi chimbudzi chachiwiri zimathandiza kwambiri. Chipinda chimene umalowera kudzera m'chipinda cha wina, khitchini yamdima, pabalaza popanda windo lokwanira, masitepe otsetsereka amene okalamba sangakwere, zonsezi zimachotsa ogula mmodzimmodzi. Kuwala kwa dzuwa ndi mpweya wodutsa anthu amazimva akangolowa, ngakhale sadziwa kuzitchula. Malo oimika galimoto ndi bwalo lotsala loti munthu angawonjezere chipinda ndi chuma. Chiyambire mliri wa Covid-19 mu 2020, ogula ambiri amafunsanso kachipinda kogwiriramo ntchito ndi intaneti yodalirika.

Nyumba yomangidwa mwa maganizo a munthu mmodzi, yozungulira modabwitsa kapena ya zipinda zosadziwika ntchito yake, imadikira wogula wa mtima wofanana ndi mwini wakeyo. Amapezeka, koma mochedwa.

Yatsopano kapena yakale?

Zonse zingakhale bwino. Yatsopano siifuna kukonza zaka zoyambirira, koma mtengo wake uli ndi phindu la womanga ndi la kutsatsa, ndipo tsiku limene mwalowa yasanduka yakale. Choopsa chachikulu chili m'madera amene kampani ikumanga nyumba mazanamazana zofanana, malo opanda kanthu akadali ambiri kuzungulira. Mukafuna kugulitsa pakapita zaka zitatu, mudzapikisana ndi kampani yomweyo ikugulitsa zatsopano pafupi nanu. Ku Ireland, chuma chitagwa mu 2008, midzi yathunthu ya nyumba zatsopano inatsala yosamalizidwa kapena yopanda anthu, ndipo mitengo ya nyumba m'dzikolo inatsika pafupifupi ndi theka pakati pa 2007 ndi 2013. Kugula nyumba imene sinamangidwe, pongoona chithunzi, kumafuna kusamala koposa: kaoneni zimene kampaniyo inamanga kale, mulankhule ndi amene akukhalamo, ndipo ndalama muzipereka motsata mmene ntchito ikuyendera.

Yakale m'dera lokhazikika ili ndi ubwino wakuti zonse zimaoneka: mitengo inakula, misewu ilipo, oyandikana nawo mukuwaona, ndipo ngati maziko ali ndi vuto, kawirikawiri zizindikiro zake zimakhala zikuoneka kale.

Nanga fulati m'nyumba yosanja?

Mukagula fulati mwagulanso gawo la mavuto a nyumba yonseyo, denga, chikepe, mapaipi aakulu, ndi anzanu amene salipira. Fulati yanu ingakhale yowala, koma mtengo wake uli m'manja mwa bungwe loyendetsa nyumbayo. Pemphani mabuku a ndalama a zaka zingapo, malipoti a misonkhano, ndipo muone ngati pali thumba losungira ndalama za ntchito zikuluzikulu. Ndalama ya mwezi ndi mwezi ikakhala yotsika modabwitsa, kawirikawiri ndiye kuti kukonza kukuzengerezedwa, ndipo bilu yake idzagwera amene adzakhale mwini pa nthawiyo.

Zitsanzo ziwiri zomvetsa chisoni zikuonetsa kukula kwa nkhaniyi. Moto wa pa nyumba yosanja ya Grenfell Tower ku London mu June 2017 unapha anthu 72, ndipo unafalikira msanga chifukwa cha zokutira kunja kwa makoma zimene zinali zoyaka. Pambuyo pake mabanki anayamba kukana ngongole pa mafulati a m'nyumba zokutidwa ndi zinthu zokayikitsa, ndipo eni ake ambirimbiri, osalakwa kanthu, anakhala zaka osatha kugulitsa. Ku Surfside m'chigawo cha Florida ku America, nyumba yosanja ya Champlain Towers South inagwa mu June 2021 n'kupha anthu 98. Boma la chigawocho linakhwimitsa malamulo oyendera nyumba zakale ndi osunga ndalama zokonzera, ndipo eni mafulati ambiri analandira mabilu aakulu. Musanagule fulati, funsani lipoti la injiniya la nyumba yonse, osati la chipinda chanu chokha.

Anthu amati nyumba siitsika mtengo. N'zoona?

Ayi. Ku America mitengo inafika pachimake mu 2006, ndipo pofika 2012 inali itatsika ndi gawo loposa limodzi mwa magawo anayi m'dziko lonse. Ku Las Vegas ndi ku Phoenix, kumene kunamangidwa nyumba zochuluka ndipo ambiri ankagula kuti agulitsenso msanga, inatsika kupitirira theka, pamene ku Dallas ndi ku Denver inatsika pang'ono poyerekeza. Ku Japan mitengo ya malo inafika pamwamba cha mu 1991 n'kutsika kwa zaka zoposa khumi zotsatizana.

Ngongole imakulitsa phindu, imakulitsanso kutaya. Tiyerekeze kuti nyumba ndi ya 100, inu mwaikapo 10, banki 90. Mtengo ukatsika kufika pa 90, nyumba yataya gawo limodzi mwa khumi, koma inu mwataya zanu zonse.

Chiwongoladzanja nachonso chimalamulira zimene wogula wanu angakwanitse. Ku America ngongole ya nyumba ya zaka 30 inali pansi pa 3 peresenti mu 2021, n'kupitirira 7 peresenti mu 2023. Pa ngongole yofanana, kusintha kotere kumakweza malipiro a pamwezi ndi ndalama yoposa theka. Ndalama zimene anthu amalandira kuntchito sizikwera chotero, ndiye ogula amachepa kapena amatsitsa zimene angapereke.

Pali kutsika kwina kobisika. Mukagula pa 100 n'kugulitsa pa 150 patapita zaka zisanu, mumaona ngati mwapindula. Koma ngati m'zaka zomwezo mitengo ya zinthu yakwera kawiri, 150 yanuyo ikugula zimene 75 inkagula kale. Poyesa phindu muziyerekeza ndi kukwera mitengo kwa zinthu, ndipo muchotsepo zimene mwalipira pokonza, msonkho ndi chiwongoladzanja.

Ndingadziwe bwanji kuti sindikulipira mopitirira?

Phindu la pogulitsa limayambira pa mtengo wogulira. Fufuzani nyumba zitatu kapena zisanu zofanana nayo, m'dera lomwelo, zimene zagulidwa posachedwa, ndipo mudziwe mtengo umene zinagulidwira, osati umene eni ake ankaitanira. Mitengo ya pa zotsatsa ndi zofuna za ogulitsa chabe. Gawani mtengo ndi kukula kwa nyumba kuti muyerekeze bwino. Funsaninso kuti nyumba za kumeneko zimakhala nthawi yaitali bwanji zisanagulidwe.

Njira yachiwiri ndi lendi. Nyumbayi mutaika alendi ingabweretse zingati pachaka? Ngati mtengo wake ukufanana ndi lendi ya zaka 20, ndiye kuti ikubweza 5 peresenti pachaka musanachotse zokonza. Ngati ukufanana ndi lendi ya zaka 40 pamene nyumba zina mumzinda womwewo zili pa 20, mtengowo waimira pa chiyembekezo chokha. Nyumba imene alendi amailimbirana ilinso ndi ubwino wina: msika ukadzaipa simudzakakamizika kugulitsa, mudzaika alendi n'kudikira.

Woyesa mtengo wovomerezeka, wolembedwa ndi inu, amathandiza. Kumbukirani kuti ejenti, ngakhale akhale waulemu chotani, kawirikawiri amalandira gawo la mtengo umene nyumba yagulidwira.

Ndikagula, ndikonze chiyani kuti mtengo udzakwere?

Yambani ndi zimene zimateteza nyumba: denga losadontha, ngalande, mawaya abwino, kuthana ndi chiswe. Sizikweza mtengo moonekera, koma kuzisiya kumaugwetsa. Kenako zimene zimawonjezera ntchito ya nyumba, monga bafa lachiwiri kapena chipinda china chomangidwa ndi chilolezo. Khitchini ndi bafa zaukhondo, zosavuta, za mitundu yosalimbana ndi maso, zimagulitsa nyumba msanga. Zodula kwambiri kawirikawiri sizibweza ndalama yonse. Dziwe losambiramo ena amalifuna, ena amaliona ngati ntchito ndi ngozi kwa ana. Kugumula khoma kuti zipinda ziwiri zikhale chimodzi kumakuchotsani pagulu la nyumba za zipinda zitatu n'kukuikani pa za ziwiri.

Sungani malisiti, mapulani ndi zilolezo zonse mufayilo imodzi. Wogula akaona fayilo yotere mtima wake umakhala pansi, ndipo sanenerera kwambiri.

Kodi kusawononga magetsi kumawerengedwa?

Kukuwerengedwa kwambiri chaka ndi chaka. Nyumba yozizira bwino nthawi yotentha ndi yofunda nthawi yozizira, yokhala ndi sola kapena thanki yosungira madzi, imachepetsa mabilu a mwini wake, ndipo ogula ayamba kufunsa. M'mayiko ena lamulo lalowererapo: ku France, kuyambira January 2025, nyumba zimene zili pa mlingo wotsikitsitsa wa G pa kagwiritsidwe ntchito ka mphamvu siziloledwa kuikidwa alendi atsopano.

Ndiyenera kukhala nayo zaka zingati kuti ndisataye?

Pogula mumalipira msonkho, loya, woyesa mtengo ndi zolembetsa; pogulitsa mumalipira ejenti ndi loya kachiwiri. Ndiponso zaka zoyambirira za ngongole, gawo lalikulu la malipiro anu limapita ku chiwongoladzanja, ngongole yeniyeniyo imatsika pang'ono. Chifukwa cha zimenezi, wogulitsa pakangopita chaka chimodzi kapena ziwiri nthawi zambiri amataya ngakhale mtengo utakwera pang'ono. Alangizi ambiri amatchula zaka zisanu ngati poyambira. Ngati mukudziwa kuti ntchito ikusamutsani posachedwa, kuchita lendi si manyazi. Ndipo musatenge ngongole yofika pakhosi, chifukwa amene amagulitsa motchipa kwambiri ndi amene akugulitsa mokakamizidwa, banki ili pakhomo.

Ndapeza nyumba imene ndaikonda, koma ili ndi vuto limodzi. Ndidziwa bwanji ngati ndi loti ndingalipirire?

Dzifunseni ngati vutolo lingathe ndi ndalama zanu ndi chilolezo chimene mungapeze. Penti yonyansa, khitchini yachikale, bwalo losasamalidwa, mawindo akutha, ngakhale denga lofuna kusintha, zonsezi zimatha. Ndipotu zimakuthandizani, chifukwa zimathamangitsa ogula ena n'kukupatsani mpata wotsitsa mtengo. Itanani mmisiri awerengere ntchito yonse, muwonjezerepo kena ka zodzidzimutsa, muchotse pa mtengo umene mukupereka.

Koma njanji kuseri kwa mpanda, fakitale yotulutsa fungo, mawaya akuluakulu a magetsi odutsa pamwamba, poloti ya m'dambo, njira yolowera ya mkangano, chikalata chimene chili ndi dzina la munthu wina, izi ndalama zanu sizingazisunthe. Ngati mwasankha kugulabe, mwina chifukwa ndi yokhayo imene thumba likulola, gulani mukudziwa kuti amene adzabwere pambuyo panu adzaona vuto lomwelo ndipo adzapempha kuchotserapo. Kuchotsera kumeneko kupempheni inuyo lero kwa amene akukugulitsani. Pa zonsezi, chikalata chokha ndicho sindingalole kuchotserana mtengo: chikonzedwe kaye, dzina lisinthidwe m'kaundula, ndalama yomaliza iperekedwe pambuyo pake.